Kasankhidwe ka osewera pa draft ndi kasinthanidwe kawo mu ligi ya basiketibolo yapakompyuta

Mu ligi ya basiketibolo yapakompyuta, kaya ndi Basketball GM imene imatsegulidwa pa intaneti mwaulere kapena MyNBA ya mu NBA 2K, ntchito yanu yaikulu ndi ya mu ofesi. Ndinu bwana wa timu, amene amamutcha GM. Masewero amaseweredwa ndi kompyuta, ndipo inu mumapanga ziganizo za amene alowe, amene atuluke, ndi ndalama zimene aliyense alandire. Amene munazolowera mpira wamiyendo muyambe mwaiwala zogula wosewera ndi ndalama kuchokera ku timu ina. Maligi amenewa amatsata malamulo a NBA, ligi yaikulu ya basiketibolo ya ku America, ndipo wosewera amabwera m'njira zitatu zokha: mwamusankha pa draft (mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhirapo achinyamata atsopano motsatizana, kuyambira matimu otsika), mwasinthana ndi timu ina, kapena kontrakiti yake yatha kwinakwake ndipo mwamusainitsa.

Manambala awiri akuluakulu amene ali pambali pa dzina la wosewera, ovr (luso lake lonse lero) ndi pot (pamene angadzafike akakhwima), aliyense mu ligi akuwaona. Pamenepo simungamupose mnzanu. Mumamuposa pa zinthu zitatu zimene ambiri amaziyang'ana mochedwa: zaka za wosewerayo, mtengo wake, ndi chaka chimene timu yanu ikufuna chikho. Ndondomeko yonseyi yamangidwa pa zitatuzi.

1. Lembani chaka chimene mukufuna chikho

Musanatsegule mndandanda wa achinyamata a pa draft, tsegulani wa timu yanu. Tengani osewera atatu abwino kuposa onse, mulembe zaka zawo. Wosewera basiketibolo amakhala pachimake kuyambira cha m'ma 25 mpaka 29, ndipo akadutsa 30 liwiro ndi kudumpha zimayamba kuchepa sizoni ndi sizoni. Ngati atatu anu ali ndi zaka 28, 29 ndi 31, nthawi yanu ndi ino, masizoni awiri kapena atatu basi. Ngati ali ndi 20, 21 ndi 23, chikho chanu chili zaka zitatu kapena zinayi kutsogolo, ndipo chilichonse chimene mungapambane chisanafike chakacho ndi chongosangalatsa mtima.

Lembani chaka chenichenicho papepala. Zikuoneka zachibwana, koma chimene chimapha matimu ambiri m'maligi amenewa ndi kukhala pakatikati. Timu yopambana masewero 40 mwa 82 chaka ndi chaka imalowa ma playoff (masewero ochotsana olimbirana chikho kumapeto kwa sizoni) n'kutulutsidwa mu ndime yoyamba, kenako imasankha cha pa nambala 16 pa draft, pamene madolo onse atengedwa kale. Siikwera, siitsika. Bwana wake amangoona ngati zinthu zikuyenda.

2. Tsegulani buku la malipiro

Pitani pa tsamba la zachuma, muone makontrakiti a zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazi. Chofunika kuona si ndalama za chaka chino, koma chaka chimene achinyamata anu adzamalize makontrakiti awo oyamba. Ku NBA wosankhidwa mu ndime yoyamba ya draft amalandira malipiro oikidwiratu kwa zaka zinayi, otsika kwambiri poyerekeza ndi luso lake ngati wakhwima bwino. Chaka chachisanu amafuna ndalama zake zenizeni. Achinyamata atatu akafika pamenepo nthawi imodzi, malire a malipiro, amene amati salary cap, amakupanani.

Timu ya NBA ya Oklahoma City inakumana nazo. Mu 2012 inafika mu ndime yomaliza ili ndi Kevin Durant, Russell Westbrook, Serge Ibaka ndi James Harden, onse osafika zaka 24. Mu October chaka chomwecho inatumiza Harden ku Houston atalephera kugwirizana pa kontrakiti yatsopano, ndipo Harden anakakhala MVP, wosewera wopambana onse mu ligi, mu 2018. Inu muli ndi mwayi woona vutoli zaka zitatu lisanafike, chifukwa zonse zalembedwa pa tsamba limodzi.

3. Werengani wachinyamata aliyense motsata dongosolo ili: zaka, ovr, maluso ake, kenako pot

Apa ndi pamene pali ntchito, ndiye tichedwepo.

Nambala ya pot imakopa maso chifukwa ndi yaikulu. Koma pot ndi chimanga chimene chikadali m'munda: chikuoneka bwino, chikhoza kudzaza nkhokwe, komabe simunakolole. Mu Basketball GM pot ndi chiyerekezo cha pamene wosewera angafike zinthu zikamuyendera, ndipo ambiri safikapo. Imasinthanso chaka ndi chaka. Mnyamata wa pot 68 lero akapanda kukula sizoni yoyamba, mudzaipeza yatsikira ku 60. Komanso manambala amene mukuona si enieni ndendende. Ali ndi kachifunga kamene kamachepa mukamaika ndalama zambiri ku bajeti ya ofufuza osewera. Ngati bajetiyo mwakhala mukuimana, musakangane ndi mnzanu pa kusiyana kwa pot 64 ndi pot 66. Kusiyana kumeneko kuli m'kati mwa chifungacho.

N'chifukwa chake muyambe ndi zaka. Tiyerekeze kuti pa nambala yanu patsala anyamata awiri. Woyamba ali ndi zaka 22, ovr 47, pot 58. Wachiwiri ali ndi zaka 19, ovr 40, pot 60. Woyambayo akhoza kulowa m'bwalo mawa, chifukwa mu Basketball GM wosewera wa m'ma 45 ndi wothandiza kuchokera pa benchi, wa m'ma 55 amayamba masewero, ndipo wa 65 kupita m'mwamba ndi katswiri wa ligi yonse. Koma dzifunseni kuti wachiwiriyo akadzafika zaka 22 adzakhala pati. Ali ndi masizoni atatu okula, pa msinkhu umene osewera amakwera kwambiri. Kuti amupeze mnzakeyo akungofunika mapointi 7 pa zaka zitatu. Nthawi zambiri amapitirira. Ngati chaka chimene munalemba chili patali, tengani wa zaka 19. Ngati mukufuna chikho sizoni ikubwerayi ndipo benchi yanu ndi yofooka, wa zaka 22 ali ndi ntchito yake. Giannis Antetokounmpo anasankhidwa pa nambala 15 mu 2013 ali ndi zaka 18, akuchokera mu ligi yachiwiri ya ku Greece, ali wowonda komanso wosakhwima. Milwaukee inagula zaka zake ndi thupi lake, ndipo matimu amene anasankha isanasankhe anagula zimene zinkaoneka tsikulo.

Mukatha zaka, tsegulani tsamba la wosewerayo muone maluso ake limodzilimodzi. Ovr imaphatikiza zinthu zambiri m'nambala imodzi, ndiye anyamata awiri a ovr 42 akhoza kukhala osiyana kotheratu. Maluso ake agaweni pawiri: amene amaphunzirika ndi amene saphunzirika. Utali suphunzirika. Liwiro ndi kudumpha zimakwera pang'ono ali wamng'ono kenako n'kuyamba kutsika. Koma kuponya, nzeru zapabwalo pofuna kugoletsa ndi potchinga, zimakula ndithu ndi zaka. Mnyamata wamtali, waliwiro, wodumpha, amene nzeru zapabwalo zili m'ma 30, ali ndi pokulira, pakuti zimene akusowa ndi zimene zimabwera. Mnzake wamfupi, wochedwa, amene ovr yake yakwera chifukwa cha kuponya kokha, watsala pang'ono kufika pamene adzathere.

Musapitirire nazo muyezo komabe. Utali wokha si luso. Memphis inasankha Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, wamtali mamita 2.21, pa nambala 2 mu 2009, pamene James Harden anapita pa 3 ndipo Stephen Curry pa 7. Mu ligi yapakompyuta chimphona chimene sichingathamange, sichingagwire mpira bwino, ndipo chimatopa msanga, chimangodzaza malo pa benchi. Ndimakonda kuona kuti wachinyamata ali ndi luso limodzi limene lafika kale pa mlingo wa ligi, kaya kuponya mapointi atatu, kaya kupatsira, kaya kutchinga. Luso limodzi limenelo ndi limene lingamulowetse m'bwalo pamene ena akukula.

Yang'ananinso tizilembo timene timaikidwa pambali pa dzina: 3 kwa woponya kutali, B kwa woyendetsa mpira, Ps kwa wopatsira, R kwa wotola mipira yobwerera, Di ndi Dp kwa otchinga pafupi ndi ringi kapena kunja. Tizilemboti sitokongoletsa. Basketball GM imawerengera mmene maluso a asanu amene ali m'bwalo akugwirizanirana, ndipo timu yokhala ndi oponya kutali angapo, woyendetsa mpira, ndi wotchinga ringi imasewera moposa zimene ovr yawo ikunena.

Pot muione pomaliza, ngati chotsimikizira zimene mwaona kale.

4. Ngati pali ziwerengero za masewero, zisefeni

Maligi ena amaonetsa zimene wachinyamata anachita ku koleji kapena kunja, ndipo posinthana osewera ziwerengero zimakhalapo nthawi zonse. Mapointi a pa sewero lililonse amanama. Chitani masamu awiri okha.

Oyamba ndi a mphindi 36. Wosewera amene amagoletsa mapointi 8 pa mphindi 15 akufanana ndi wogoletsa 19 pa mphindi 36. Wotereyu nthawi zambiri amakhala wobisika pa benchi ya timu ina, kumbuyo kwa katswiri, ndipo bwana wake samuwerengera.

Achiwiri ndi a true shooting, muyezo wa mapointi amene wosewera amapeza poyerekeza ndi mipira imene waponya. Tengani kuchuluka kwa ma free throw (mipira yoponya mwaulere wosewera akalakwiridwa) amene waponya, muchulukitse ndi 0.44, muphatikize ndi mipira yonse imene waponya m'sewero, muchulukitse ndi 2, ndipo mapointi ake muwagawe ndi nambala imeneyo. Wogoletsa 20 ataponya ka 18 ndi ma free throw 4 amapeza pafupifupi 51 peresenti. Wogoletsa 14 ataponya ka 9 ndi ma free throw 5 amapeza 62.5. Woyambayo ndi amene anthu amamutchula, koma wachiwiri ndi amene akupambanitsa timu. Woyambayo, ngati ndi wanu, ndi katundu wabwino wogulitsa.

Kwa wachinyamata, ma free throw amanena zambiri za dzanja lake kuposa mapointi atatu, chifukwa amaponyedwa pamalo amodzi popanda womutchinga. Woponya ma free throw bwino amene mapointi atatu sakumulowera nthawi zambiri amadzaphunzira.

5. Sanjani mayina m'magulu, osati mumzere umodzi

Musavutike kusankha kuti wa nambala 7 ndani ndipo wa 8 ndani. Ikani mayina m'magulu anayi: amene angasinthe timu yonse, amene angadzayambe masewero kwa zaka zambiri, othandiza pa benchi, ndi ongoyesa mwayi. Lamulo lake ndi limodzi. Musatsike gulu chifukwa choti timu yanu ikusowa munthu pamalo ena. Kusowako kugwire ntchito pokhapokha anyamata awiri ali m'gulu limodzi.

Portland mu 1984 inali kale ndi Clyde Drexler, amene inamusankha chaka chapitacho, ndipo inkafuna wosewera wamtali wapakati. Inatenga Sam Bowie pa nambala 2. Chicago inatenga Michael Jordan pa 3. Timu yanu idzasintha maonekedwe kawiri kapena katatu mnyamata amene mukusankhayo asanakhwime, ndiye malo amene akusowa munthu lero sadzakhala omwewo. Mukapezeka ndi akatswiri awiri pamalo amodzi, mmodzi mudzamusinthanitsa ndi chilichonse chimene mukufuna.

Ndime yachiwiri ya draft, kuyambira 31 mpaka 60, musaitaye ndiponso musaidalire. Nikola Jokić anasankhidwa pa 41 mu 2014, Draymond Green pa 35 mu 2012, Manu Ginóbili pa 57 mu 1999. Mayina amenewa timawakumbukira chifukwa ndi ochepa. Kuno tengani wamng'ono kwambiri amene ali ndi chinthu chimodzi chodabwitsa. Akakanika simunataye kanthu.

Basketball GM imaonetsanso achinyamata a ma draft a zaka zikubwerazi. Ayang'aneni tsopano. Ngati chaka chamawa chili ndi anyamata asanu a gulu loyamba pamene chino chili ndi mmodzi, pick (mpata wa timu wosankha wosewera pa draft) ya chaka chamawa ndi yodula kuposa ya chino, ndipo si mabwana onse amene apita kukaona.

6. Tsiku la draft, ganizirani zotsika

Magulu aja amagwira ntchito apa. Ngati muli pa nambala 4 ndipo gulu lanu lachiwiri lili ndi mayina asanu amene onse akadalipo, mukhoza kutsikira pa 7, n'kupezabe mmodzi wa iwo, ndi kulandira pick ina pamwamba. Boston inachita zimenezi mu 2017: inapereka nambala 1 kwa Philadelphia, imene inatenga Markelle Fultz, n'kutsikira pa 3 kukatenga Jayson Tatum, ndi kulandiranso pick ina ya ndime yoyamba.

Kukwera kumalipira pokhapokha mukudutsa malire a gulu. Dallas mu 2018 inapereka nambala 5 ndi pick ya chaka chotsatira kuti ipeze Luka Dončić amene Atlanta inamusankha pa 3. Kulipira pick yathunthu kuti muchoke pa 12 kufika pa 10, m'gulu lomwelo, ndi kutaya chuma.

Pang'ono za kuluza dala. Pa dongosolo limene NBA inayamba mu 2019, malo anayi oyamba pa draft amaperekedwa pochita maere, ndipo matimu atatu otsika kwambiri aliyense amakhala ndi mwayi wa 14 peresenti wokha wopeza nambala 1. Detroit inali yotsika kuposa onse mu 2023 ndi 2024, ndipo zaka zonse ziwiri inasankha pa 5. Dallas inapambana maere mu 2025 ili ndi mwayi wa 1.8 peresenti. Ngati ligi yanu ikutsata dongosolo limeneli, kuluza masewero 65 m'malo mwa 55 sikukugulirani zambiri, pamene mwini timu wapakompyuta akhoza kukuchotsani ntchito, ndipo osewera okonda kupambana amayamba kukana kusainanso.

7. Yezani kusinthana kulikonse ndi mafunso anayi

Funso loyamba: wosewera wabwino kuposa onse m'kusinthanaku akupita kuti? Basiketibolo imaseweredwa ndi anthu asanu, ndipo pa ma playoff katswiri amasewera pafupifupi mphindi 40. Osewera atatu a ovr 52 safanana ndi mmodzi wa 66, ngakhale manambala awo ataphatikizidwa akuchuluka, chifukwa malo m'bwalo ndi ochepa ndipo mndandanda umathera pa anthu 15. Wina akakubweretserani atatu kuti atenge mmodzi wanu, iye ndi amene akupindula, pokhapokha ngati mwa atatuwo muli wachinyamata wa gulu loyamba kapena ma pick olemera.

Lachiwiri: adzakhala ndi zaka zingati m'chaka chimene munalemba chija? Osati lero.

Lachitatu: akulandira zingati, kwa zaka zingati? Wosewera wa ovr 55 wolandira madola 5 miliyoni ndi chuma. Yemweyo akamalandira 30 miliyoni kwa zaka zinayi ndi ngongole, ndipo kuti mumuchotse mudzalipira. Mu 2016 salary cap ya NBA inadumpha kuchoka pa madola 70 miliyoni kufika pa 94 miliyoni, ndipo Los Angeles Lakers inapatsa Timofey Mozgov madola 64 miliyoni kwa zaka zinayi. Chaka chimodzi chokha chitapita, kuti Brooklyn ivomere kutenga kontrakitiyo, Lakers inaikapo D'Angelo Russell, amene inamusankha pa nambala 2 mu 2015. Nkhani imeneyi ili ndi mbali yachiwiri imene timu yomanga iyenera kuiona. Ngati chikho chanu chili patali ndipo muli ndi malo pansi pa salary cap, inu ndi amene mukhale Brooklyn. Landirani makontrakiti oipa a anzanu, iwo akulipireni ndi ma pick ndi achinyamata. Pofika chaka chanu makontrakitiwo adzakhala atatha.

Onaninso kuti malipiro akugwirizana. M'maligi ambiri timu imene yapitirira salary cap singalandire malipiro oposa 125 peresenti ya amene ikutumiza. Mukatumiza osewera a madola 20 miliyoni, mukhoza kulandira mpaka 25 miliyoni. Pa chifukwa chimenechi kontrakiti yaikulu imene yatsala ndi chaka chimodzi ili ndi ntchito ngakhale mwini wake atatha mphamvu.

Lachinayi ndi la ma pick, ndipo ndi limene lagwetsa matimu ambiri. Pick ilibe mtengo umodzi. Mtengo wake ndi mmene timu yoiperekayo idzakhalire m'chaka cha pick imeneyo. Mu 2013 Brooklyn inatenga Kevin Garnett wa zaka 37 ndi Paul Pierce wa zaka 35 kuchokera ku Boston, n'kupereka ma pick a ndime yoyamba a 2014, 2016 ndi 2018, komanso ufulu wosinthana malo osankhira pa draft mu 2017. Tsiku losainirana ma pick amenewo ankaoneka ngati a m'ma 25. Akuluakulu aja atachoka, Brooklyn inagwa, pick ya 2016 inakhala nambala 3 imene inabweretsa Jaylen Brown, ya 2017 inakhala nambala 1 imene inabweretsa Tatum, ndipo awiriwa anapatsa Boston chikho mu 2024. Los Angeles Clippers nayo mu 2019 inapereka kwa Oklahoma City Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari, ma pick asanu a ndime yoyamba ndi kusinthana malo kuwiri kuti ipeze Paul George. Oklahoma City inatenga chikho mu 2025, Gilgeous-Alexander ali MVP, ndipo Jalen Williams amene anamuthandiza anachokera pa imodzi mwa ma pick a Clippers.

Chochita chake n'chosavuta. Pofuna pick, pitani pa mndandanda wa matimu, mufufuze timu yabwino lero imene akatswiri ake adutsa zaka 30, mupemphe pick yake ya zaka zitatu kutsogolo. Musapemphe ya chaka chino. Popereka pick yanu, perekani yapafupi, ya chaka chimene mukudziwa kuti mudzakhala pamwamba. NBA ili ndi lamulo loletsa timu kukhala yopanda pick ya ndime yoyamba zaka ziwiri zotsatizana zakutsogolo, ndipo linatchedwa dzina la Ted Stepien, mwini wa Cleveland wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amene anamwaza ma pick a timu yake. Kaya ligi yanu ili nalo kaya ilibe, litsatireni nokha. Mu ligi ya anthu, onjezanipo chitetezo: pick ikagwera m'malo anayi oyamba ikhale yanu, mudzapereke ya chaka chotsatira.

8. Dziwani tsiku limene manambala amasintha

Ichi ambiri sachidziwa. Mu Basketball GM sizoni ikatha kumabwera maere, draft, kusainanso osewera anu, msika wa osewera opanda timu, kenako nthawi yokonzekera sizoni yatsopano. Manambala a osewera amasintha pa nthawi yomalizayi. Ndiye kuti pa nthawi yonse imene mukusinthana osewera sizoni itatha, ovr imene mukuona ndi ya chaka chatha. Mkulu wa zaka 32 wa ovr 63 amene mwamutenga lero akhoza kudzuka ali 58 sewero loyamba lisanachitike. Wanu wa zaka zomwezo mugulitseni tsiku limenelo lisanafike. Wachinyamata wa zaka 20 wa timu ina mumutenge lisanafikenso, pakuti akakwera ndi mapointi 6 mtengo wake sumakhalanso womwewo.

9. Kukambirana ndi kompyuta, kukambirana ndi munthu

Kompyuta ilibe manyazi ndipo siisunga chakukhosi. Ikani wosewera wanu pa trading block (tsamba lotsatsirapo osewera) muone zimene matimu onse akupereka, ngakhale simukufuna kumugulitsa, kuti mudziwe mtengo wake. NBA 2K ili ndi Trade Finder ya ntchito yomweyo. Mukapanga kusinthana kumene kompyuta yakana, pali batani lofunsa chimene chingapangitse kuti ivomere. Yankho lake loyamba musalilandire. Chotsani chimene yawonjezacho, muikepo china chotsika mtengo, muyesenso. Kompyuta imanyengeka, ndipo mukafuna mukhoza kuidyera masuku pamutu mpaka ligi yonse itakhala yanu. Kwa ine ligi yotero imafa pa sizoni yachisanu. Ndi bwino kudziikira malire, monga kusinthana katatu kokha pa chaka, kapena kukweza mlingo wa kuvuta kwa masewerowo.

Munthu ndi nkhani ina, chifukwa mudzakumana nayenso chaka chamawa. Musayambe ndi zimene inu mukufuna. Tsegulani timu yake, muchite naye masitepe awiri oyamba aja ngati kuti timuyo ndi yanu, mupeze pamene pakumupweteka. Uthenga wake ukhale wotere: "Achimwene, ndaona kuti chaka chamawa anyamata anu awiri akufuna makontrakiti atsopano, ndipo wapakati wanu uja akudyabe 28 miliyoni. Ine malo ndili nawo. Ndingamutenge mukandiikirapo pick yanu ya zaka zitatu kutsogolo." Uthenga wotere amauyankha, pakuti mwamuchotsera mutu umene unkamuwawa. Koma kumutumizira mayina atatu a pa benchi kuti akupatseni katswiri wake ndi chipongwe, ndipo uthenga wanu wotsatira sadzautsegula. Watsopano mu ligi musamubere. Maligi ambiri a anthu amakhala ndi woyang'anira amene amakana kusinthana kokondera mbali imodzi, ndipo ngakhale kutadutsa, munthu woberedwa amasiya kusewera, timu yake n'kukhala bwinja limene likuwononga ligi yonse.

Musanavomere wosewera amene kontrakiti yake yatsala chaka chimodzi, onani khalidwe lake. Basketball GM imaonetsa ngati amakonda ndalama, kupambana, kutchuka kapena kukhulupirika ku timu, ndiponso ngati angafune kusainanso. Wokonda kupambana amene mwamubweretsa ku timu yomanga mwangomubwereka sizoni imodzi, ndiye mtengo wake ukhale wa sizoni imodzi.

10. Msika wa opanda timu muusiyire malo awiri

Osewera anu amene mukufuna kuwasunga asainitseni pa nthawi yake, chifukwa malamulo amalola kupitirira salary cap posainanso wanu, koma osati posaina wakunja. Mukamusiya katswiri apite poganiza kuti mudzagula wina, mukhoza kupeza kuti ndalamazo kulibe.

Msika ukatsegulidwa, masiku oyamba ndi a akatswiri. Ngati simukupikisana nawo, dikirani. Amene sanapeze timu amatsitsa mtengo masiku akamapita, ndipo chakumapeto mumapeza mkulu wa zaka 30 woponya mapointi atatu, kapena wamtali wotchinga ringi, akuvomera malipiro otsikitsitsa kwa chaka chimodzi. Kontrakiti yotsikitsitsa imaloledwa ngakhale mwapitirira salary cap, choncho lowani mumsikawu muli ndi osewera 13, malo awiri otsalawo mudzawadzaze pa masiku omaliza. Amene wadutsa zaka 30 musamupatse zoposa zaka ziwiri, pokhapokha akhale katswiri amene chikho chanu chagona pa iye.